Musanaode mabolodi a zamagetsi kunja, werengerani zonse

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi achinyamata amene ayamba kudzipangira tizipangizo ta magetsi kuno kugombe la nyanja: nyali za LED za asodzi a usipa ku Senga Bay, timakina totchajira batire ndi sola, zoyezera kutentha m'makina oswetsera mazira, ndi zina zotere. Ambiri amayambira pa veroboard, bolodi logula kale la timabowo tambirimbiri, mawaya ali pikitipikiti, ndipo chinthu chikayamba kugwira ntchito amafuna bolodi lenileni, lobiriwira lija lokhala ndi timizere ta kopa, limene amisiri amati PCB. Apa ndi pamene pamabwera funso lakuti tiode ku kampani iti, ndipo ambiri amangothamangira imene yalemba mtengo wotsikitsitsa pa intaneti. Kwa munthu wa ku Salima, mtengo umenewo ndi kagawo kochepa ka ndalama imene ituluke m'thumba.

Makampani odziwika si ambiri. Ku China kuli JLCPCB ndi PCBWay. Amenewa amayambira pa mabolodi asanu, ndipo mtengo wawo wotsika ndi wa bolodi losapitirira mamilimita 100 mbali zonse, la kopa kumwamba ndi kunsi, lokhuthala mamilimita 1.6, lobiriwira. Mukangodutsa muyezo umenewu kapena kusankha kopa wokhuthala, mtengo umalumpha. Ku America kuli OSH Park, imene imapereka mabolodi atatu ndipo imalipiritsa potengera kukula, madola 5 pa sikweya inchi. Pa kabolodi kofanana ndi sitampu ndi bwino ndithu, koma la mamilimita 100 mbali zonse limafika madola 77 ndi kupitirira. Ku Ulaya kuli Aisler ndi Eurocircuits, ntchito yawo ndi yabwino koma thumba la wongoyamba kumene silingakwanitse. Kwa ambiri a ife nkhani imathera ku China, ndiye chotsala ndi kufananitsa makampaniwo pa zinthu zimene zimatikhudza kuno.

Choyamba ndi ulendo wa phukusi. Fakitale imamaliza bolodi wamba m'masiku ochepa, chimene chimadya ndalama ndi nthawi ndi kutumiza. Musanajambule pulani ya bolodi n'komwe, lowetsani dzina la Malawi pa tsamba la kampaniyo muone njira zotumizira zimene zilipo ndi mitengo yake. Makampani othamangitsa katundu monga DHL amafikitsa msanga, koma mtengo wake umaposa wa mabolodiwo kangapo. Pa positi ndi potchipa, kungoti mudikira masabata ambiri. Onjezani msonkho wa MRA, umene amawerengera pa mtengo wa katundu pamodzi ndi wotumizira, kotero sungani invoisi. Onjezaninso basi yopita ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100, ngati phukusi likathera kumeneko, ndipo pa adiresi lembani nambala ya foni yoyamba ndi +265 imene imakhala yoyatsa. Malipiro ndi a madola kudzera pa khadi la ku banki, ndiye ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, funsani kaye ku banki ngati khadi lanu lidutse. Nzeru yake ndi kusonkhana anthu anayi kapena asanu, aliyense ndi pulani yake, koma phukusi limodzi. Musaphatikize mapulani osiyana pa bolodi limodzi poganiza kuti mwawachenjerera, mafakitale ambiri amaona ndipo amawonjezera mtengo. Kumbukiraninso kuti kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale ku China kumakhala tchuthi cha chaka chatsopano, ndipo ntchito imachedwa.

Chachiwiri ndi chimene amakuta nacho malo owotcherera, ndipo apa anthu a kunyanja tisatengere za anzathu a ku Dedza. Kutentha ndi chinyezi cha kuno zimadya kopa msanga. Pa fomu yoodera mupeza mayina atatu. HASL ndi solder, chitsulo chimene timasungunula powotcherera, wopakidwa pa kopa, ndi wotchipa, amagwira bwino ndi waya wa solder wa 60/40 umene umapezeka m'mashopu, ndipo ndi amene timalimbikitsa pa ntchito ya manja. ENIG ndi kagolide kopyapyala pamwamba pa nickel, kosalala bwino, koyenera tizipangizo ta miyendo yothithikana, koma n'kodula. OSP ndi kamankhwala kopyapyala kwambiri, kamatha mphamvu pakangopita miyezi ingapo, ndipo bolodi lotere likakhala m'kabati nyengo ya dzinja yonse solder amakana kugwira. Limeneli lisiyeni. Mabolodi otsala asungeni m'kajumbo kotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene timabwera nawo. Chipangizo chokakhala m'boti chitsukeni ndi spiriti ya isopropyl mukatha kuwotcherera, chiume, kenako muchipopere vanishi woyera, osakhudza malo olumikizira mawaya.

Chachitatu ndi kopa weniweniyo. Bolodi la mtengo wotsika limakhala ndi kopa wa 1 oz, kutanthauza kukhuthala kwa ma micron 35, kapena mamilimita 0.035. Pa kopa wotere kamzere ka milimita imodzi kamanyamula ma amp awiri popanda kutentha kwenikweni, ma amp asanu amafuna mamilimita pafupifupi 3, ndipo ma amp 10 amafuna pafupifupi 7. Mabolodi ambiri otchajira batire amapsa chifukwa cha ichi: munthu wakoka kamzere kopyapyala kuchoka pa transistor ya IRFZ44N kupita ku batire, dzuwa la Okutobala lafika pamutu, kamzere n'kusanduka fyuzi. Kopa wa 2 oz alipo koma ndi wokwera mtengo. Njira yotchipa ndi kusiya mzerewo wosapaka utoto wobiriwira n'kudzawotchererapo waya wa kopa pamwamba. Ngati bolodi likhudza magetsi a ESCOM a 230 V, siyani mpata wosachepera mamilimita 6 pakati pa mbali imeneyo ndi mbali ya magetsi ochepa, ndipo pansi pa relay, swichi yoyendetsedwa ndi magetsi, dulanipo kampata. Fumbi likasakanikirana ndi chinyezi limadutsitsa moto pamene simukuyembekezera.

Tsopano nkhani imene imaliza anthu ambiri. Fakitale imapanga chimene mwatumiza, ndi zolakwika zomwe. Imayeza ngati timizere talumikizana monga mwa mafayilo anu, koma siyeza ngati dera lanu la magetsi lili lolondola. Kwa wa ku Shenzhen, mzinda wa mafakitale ku China, kulakwitsa ndi masiku atatu, kwa wa ku Nkhotakota ndi mwezi wathunthu ndi ndalama ina yotumizira.

Choncho gulani kaye zipangizo, kujambula pambuyo. Zimene mungapeze ku Lilongwe kapena ku Limbe si nthawi zonse zimafanana ndi zimene zili mu kompyuta. Transistor ya BC547 ndi ya 2N3904 zimaoneka ngati mapasa, koma miyendo ya m'mbali ndi yosinthana: mukaiyang'ana kumaso kwafulati, BC547 imayamba ndi collector pamene inzakeyo imayamba ndi emitter. Diode ya 1N4007 imalowa m'bowo la milimita imodzi, koma ya 1N5408 mwendo wake ndi wonenepa, pafupifupi mamilimita 1.3, ndiye imafuna bowo la 1.6. Mukati mukuze bowo ndi chiboolero mumachotsa kopa wa m'kati amene amalumikiza kumwamba ndi kunsi. Bowo lizikula kuposa mwendo ndi mamilimita 0.2 kapena 0.3. La sikuluwu ya M3 ndi 3.2. Ma relay ndiye osanena, iliyonse ndi kaimidwe kake ka miyendo.

Pojambula, pulogalamu ya pa kompyuta ya KiCad ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti, chinthu chofunika kuno kumene bandulo imatha ngati mchere m'madzi. Pulogalamu ina, EasyEDA, ndi yosavuta kuphunzira koma imakukokerani ku JLCPCB. Kampani iliyonse ili ndi tsamba lofotokoza malire a makina ake, lowetsani manambalawo mu pulogalamu n'kuyendetsa DRC, chida chofufuzira ngati pulani yaphwanya malirewo, mpaka pasatsale cholakwika. Ngakhale atalemba kuti amakwanitsa timizere ta mamilimita 0.15, inu khalani pa 0.25 kapena kuposa, chifukwa bolodi la mizere yonenepa fakitale iliyonse imalipanga bwino ndipo likaduka limakonzeka. Tizipangizo tomata pamwamba sankhani ta saizi ya 0805 kapena 1206, tocheperapo timavuta ndi dzanja. Tulutsani mafayilo a Gerber, amene fakitale imagwiritsa ntchito popanga bolodi, pamodzi ndi fayilo ya mabowo, osaiwala mzere wa m'mphepete wodulira bolodi, umene anthu amauiwala kawirikawiri. Atseguleni pa choonetsera cha kampaniyo muone mbali iliyonse payokha. Pomaliza sindikizani pulaniyo pa pepala mu saizi yake yeniyeni, muike pepalalo pa siponji n'kubaya zipangizo zonse chimodzichimodzi. Ntchito ya mphindi makumi awiri imeneyi ndiyo imagwira zolakwika zambiri kuposa kompyuta.

Tisaiwale, si chinthu chilichonse chofuna fakitale. Dera la IC ya NE555, kachipangizo ka miyendo yambiri, ndi tizipangizo khumi lingapangidwe pakhomo ndi bolodi la kopa mbali imodzi, nsimbi yomatira pulani pa kopa ndi ferric chloride, mankhwala osungunula kopa wosafunika. Mankhwalawo musawataye pafupi ndi chitsime kapena nyanja, ali ndi kopa wosungunuka amene amapha nsomba.

Phukusi likafika, musawotcherere onse asanu tsiku lomwelo chifukwa cha chimwemwe. Tengani limodzi, yezani ndi mita ngati pulasi ndi mainasi sizikukhudzana, ikani mbali yopereka magetsi yokha, muone ngati chotsitsira magetsi cha 7805 chikutulutsa 5 V. Babu la galimoto la 21 W likhale pakati pa batire ndi bolodi poyatsa koyamba, likawala kwambiri ndiye kuti pali shoti. Zikakhala bwino ikani ma IC m'masoketi. Cholakwika chilichonse chimene mwapeza chilembeni ndi maka pa limodzi la mabolodi otsalawo, ndipo pa pulani yachiwiri sinthani nambala ndi deti zolembedwa pa bolodi kuti akale ndi atsopano asasokonekere m'kabati.

Ndife,
Amisiri okonza mawailesi ndi zipangizo za sola,
Salima