Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaulimi: phindu la zokolola lizitsalako kumudzi

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kalatayi kuchokera ku Blantyre, mzinda umene umadya, kugula ndi kutumiza kunja zambiri mwa zimene alimi a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Zomba ndi Mwanza amakolola. Pempho langa ndi lakuti unduna wanu uike mtima pa zimene zimachitika mbewu ikachoka m'munda monga momwe wakhala ukuikira mtima pa feteleza. Kuyambira mu 2005, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, kufikira AIP imene inalowa m'malo mwake mu 2020, gawo lalikulu la ndalama za unduna wanu lakhala likupita ku feteleza ndi mbewu. Ntchito imeneyo sindikuinyoza, pakuti njala tinaiona ndi maso athu pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023 ndi ng'amba ya mu 2024. Komabe banja la mlimi limafunanso ndalama ya fizi, ya kuchipatala ndi ya malata, ndipo ndalama imeneyo imapezeka kapena kutayika m'masabata ochepa a pakati pa kukolola ndi kugulitsa.

Lolani ndikambe za nandolo, chifukwa kuno kummwera ndiye mbewu imene ikuonetsa bwino vutoli. Minda yathu ndi yaing'ono, mabanja ambiri salima ngakhale hekitala imodzi, ndipo nandolo amawathandiza chifukwa amabzalidwa m'mizere ya chimanga momwemo, safuna feteleza, amapirira dzuwa ndipo amabwezera chonde m'nthaka. Amene amamusamala kwambiri ndi amayi. Amauma cha m'miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala, nthawi imene sukulu zikutsegulira ndipo chimanga cha m'nyumba chayamba kuchepa. Pa nthawi yomweyo venda amakhala atamangirira kale sikelo yake pamtengo m'mphepete mwa msewu, ndalama zili m'thumba. Mayi amene mwana wake akudikira fizi sangadikire mtengo wabwino wa mu Disembala. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndiye amagulitsa tsiku lomwelo pa mtengo umene wauzidwa, pa sikelo imene sangathe kuitsutsa. Unduna wanu umalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma kumene kulibe wogula wina wopikisana ndi venda, mtengo wolengezedwawo umathera pa wailesi.

Nandolo uja akakwera lole n'kufika ku Limbe, amapetedwa, kusankhidwa ndi kuikidwa m'matumba abwino, ndipo wina amasendedwa ndi kuswedwa pakati kuti akhale dal amene anthu a ku India amadya. Pa ntchito iliyonse mwa zimenezi mtengo umakwera, koma palibe tambala ya kukwerako imene imabwerera kwa mayi wa ku Chiradzulu. Eni mafakitale sindikuwaimba mlandu, chifukwa anaika chuma chawo ndipo amalemba anthu ntchito. Chimene chimandiwawa n'chakuti kuumitsa, kupeta, kusankha ndi kusunga ndi ntchito zimene gulu la alimi lingathe kugwira kwawo komweko, likanakhala ndi malo ouma osungirapo, sikelo yoyesedwa, kachipangizo koyezera chinyezi ndi ndalama yoti membala atapeko podikira msika.

Kuopsa kodalira wogula mmodzi wa mbewu yosakonza tinakuona mu 2017, pamene India inaika malire pa nandolo wolowa m'dziko lake. Mtengo unagwa koopsa, matumba anadzaza m'nyumba, anankafumbwe anachita phwando, ndipo alimi ena anataya mtima n'kusiya kubzala. Mu 2021 boma lathu linasainirana ndi India pangano logulitsa matani 50,000 a nandolo pachaka kwa zaka zisanu, ndipo limeneli linali dalitso. Koma pangano lotere limakhala ndi tsiku lothera, ndiponso limatsatira mvula ndi ndale za dziko lina. Alimi ayenera kumva kuchokera kwa inu, nthawi yobzala isanakwane, kuti msika wa ku India uli pati ndiponso kuti ndi misika ina iti imene boma likufunafuna, kuphatikizapo msika wa m'dziko momwe muno, pakuti nandolo wosenda ndi ndiwo yabwino imene sukulu zogonera, zipatala ndi ndende zingathe kugula.

Pa nkhani ya kusunga, zipangizo zina tili nazo kale. ADMARC, imene likulu lake lili ku Limbe kuno, inamanga misika ndi mashedi m'madera ambiri kuyambira pamene inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo ambiri mwa malowa amakhala opanda kanthu miyezi yochuluka pachaka. Tilinso ndi lamulo la malisiti a nyumba zosungiramo mbewu, limene limalola mlimi kusungitsa zokolola zake, kulandira lisiti ndi kukongola ndalama ku banki pogwiritsa ntchito lisitilo ngati chikole. Njirayi ndi yabwino, koma mpaka pano yathandiza kwambiri amalonda akuluakulu, chifukwa nyumba zovomerezeka ndi zochepa, zili kutali ndi midzi, ndipo mlimi wa matumba atatu sangalipire galimoto yokasiya katundu wake kumeneko. Chiwongoladzanja nachonso chimadya phindu lonse. Mu 2024 banki yaikulu inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amalonda ankakongoza pamwamba pa pamenepo. Ndikupempha kuti mashedi a ADMARC amene sakugwira ntchito akonzedwe n'kubwereketsedwa kwa makopaletivi amene aonetsa kuti amasunga bwino mabuku awo, ndiponso kuti pakhale thumba la ngongole yotsika mtengo, ya miyezi yochepa, yoperekedwa pa mbewu imene ili m'shedi. Popanda zimenezi mlimi apitiriza kuthawira kwa venda kapena kwa a katapila.

Ndikafika pa mafakitale ang'onoang'ono akumudzi ndikufuna kulankhula mosamala, chifukwa pamenepa dziko lathu linapunthwapo kale. Ndondomeko ya mudzi umodzi chinthu chimodzi, imene tinaphunzira ku Japan, inapereka makina ku magulu ambiri, ena oyengera mafuta a mpendadzuwa, ena opangira juwisi, ena opunthira mpunga. Magulu ena anapita patsogolo, koma m'malo ambiri makinawo anachita dzimbiri. Zifukwa zake zimadziwika: magetsi sanafike kapena anali ozimazima, gulu linalibe ndalama yogulira mbewu yokwanira kuti makina azigwira ntchito chaka chonse, kachitsulo kamodzi kakathyoka panalibe kokagula kena, ndipo wogula katunduyo sanapezedwe makina asanabwere. Pulojekiti ya boma yolimbikitsa ulimi wamalonda ya AGCOM inaphunzirapo kanthu, chifukwa imafuna kuti gulu liyambe lapeza wogula, komanso kuti lisonkhe gawo lake. Mfundo imeneyi ikhale lamulo la unduna pa thandizo lililonse la makina, kaya likuchokera ku boma, kaya ku mabungwe, ndipo makina asamaperekedwe pofuna kusangalatsa dera la wina aliyense.

Za makina othyoka, yankho lili mumzinda muno. Ku Chichiri kuli sukulu ya ukachenjede ya MUBAS imene imaphunzitsa mainjiniya, ku Thyolo kuli inzake ya sayansi ya MUST, ndipo ku Ndirande kuli amisiri owotcherera zitsulo amene amapanga zinthu zodabwitsa ndi zida zochepa. Makina opetera ndi osendera nandolo, otongolera mtedza ndi oumitsira zipatso ndi dzuwa angapangidwe konkuno, n'kumakonzedwa ndi anthu amene gulu lingawaimbire foni m'mawa iwo n'kufika madzulo. Pamene ndalama zakunja zikusowa, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitanitsa kunja chipangizo chimene mwana wa ku Ndirande angasule ndi kuwononga chuma.

Khoma lina limene magulu amagundapo ndi chilolezo cha Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za ubwino wa katundu. Bungweli ndi lofunika, ndipo palibe amene angafune kuti ana athu adye chiponde chokhala ndi chuku, poizoni yemwe anatitayitsa misika ya mtedza ya ku Ulaya. Koma kwa amayi khumi opanga jamu wa zinanazi ku Mulanje kapena juwisi wa manachesi ku Mwanza, ndalama zoyezetsera, maulendo obwera ku Blantyre ndi zofunika pa nyumba yopangiramo zimaposa mpamba wawo wonse. Mapeto ake timawaona m'masitolo akuluakulu a mumzinda muno, mmene mashelefu amadzaza ndi sosi wa tomato, jamu ndi chiponde zochokera kunja, pamene ku Bvumbwe ndi ku Lunzu tomato amawolera m'madengu nyengo yake ikafika pachimake. Ndikudziwa kuti bungweli lili pansi pa unduna wina, monganso ESCOM, koma mlimi alibe mwayi wokhala pa tebulo limodzi ndi nduna zinzanu. Mwayi umenewo muli nawo ndinu. Kambiranani kuti magulu ang'onoang'ono azilipira pang'onopang'ono, kuti oyendera azipita kwa iwo kukawaphunzitsa asanawalephereretse, ndiponso kuti akuluakulu oona za masikelo azionekera m'misika ya kumudzi pa nthawi yokolola. Alangizi anunso aphunzitsidwe za kaumitsidwe, kasankhidwe ndi kasungidwe ka mbewu, popeza chuku chimayambira m'munda ndi pamkeka woyanikira.

Chinanso chimene chimafooketsa aliyense wofuna kuika ndalama pa ulimi ndi ziletso zadzidzidzi zotumiza mbewu kunja. Ndikumvetsa kuti boma limafuna kuteteza chakudya ndiponso kuti mafakitale a mafuta ophikira ndi a chakudya cha nkhuku apeze soya. Koma chiletso chikabwera mbewu ili kale m'matumba, amene amalipira ndi mlimi, chifukwa mtengo umagwa nthawi yomweyo, ndipo chaka chotsatira amachepetsa munda, fakitale ija n'kusowanso soya. Ngati chiletso chili chofunika, chilengezedwe mvula isanagwe, pamodzi ndi zifukwa zake ndi tsiku limene chidzathe.

Masomphenya a Malawi 2063 anaika ulimi wamalonda ndi mafakitale pakati pa nsanamira zake zitatu, ndipo ku Chikwawa ndi Nsanje ngalande ya chigwa cha Shire ikukonzedwa kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000. Zokolola za kumeneko zambiri zidzakwera phiri kubwera ku Blantyre. Zikadzabwera zosakonza, zopanda kosungira ndiponso zopanda wogula wodziwika, tidzangochulukitsa vuto limene mayi wa nandolo ali nalo lero.

Choncho, Olemekezeka, ndikupempha kuti pa bajeti ikubwerayi mutiuze poyera kuchuluka kwa ndalama zimene unduna wanu waika padera pa kusunga ndi kukonza zokolola, mosiyanitsa ndi za feteleza. Mutiuzenso mayina a mashedi a m'maboma a kuno kummwera amene makopaletivi adzaloledwa kugwiritsa ntchito, ndipo mndandanda wake upachikidwe pa ofesi ya mlangizi wa dera lililonse nandolo asanaume.

Ine wanu mwaulemu,
Nzika ya ku Blantyre