Osindikiza azitiuza za inki yosakaniziratu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa nkhani imene imaoneka yaing'ono, koma inatipweteka ife a gulu logulitsa uchi kuno ku Ntchisi. Chaka chatha tinasindikizitsa kawiri timapepala tomata pa mabotolo, pa kampani imodzimodzi. Ulendo woyamba chizindikiro chathu chinatuluka chobiriwira bii ngati tsamba lokhwima la mango, koma ulendo wachiwiri chinatumbuluka ngati fodya woyamba kupsa. Mabotolowo atandandalikidwa pamodzi, mwini sitolo wina anatifunsa ngati ena mwa iwo anali achinyengo.

Chifukwa chake anandifotokozera bambo wina amene wakalambira pa makina osindikizira. Ntchito zambiri zimasindikizidwa ndi inki zinayi zokha, zija amati CMYK, zomwe ndi yabuluu wowala, yapinki wakuya, yachikasu ndi yakuda. Zobiriwira zimene timaona pa pepala ndi timadontho tabuluu ndi tachikasu tothithikana, timene munthu amationa bwinobwino akayang'ana ndi galasi lokuzira, ndipo inki imodzi ikangochuluka pang'ono tsiku limenelo, mtundu wonse umasintha.

Njira ina ilipo, imene eni ntchitoyi amaitcha spot colour. Inki imasakanizidwiratu m'chitini motsatira muyeso wodziwika, n'kupatsidwa puleti yakeyake pa makina (chitsulo chopyapyala chonyamula chithunzi cha mtundu umodzi), monga mmene iliyonse ya inki zinayi zija ilili ndi yake. Kuyambira mu 1963 kampani ya ku America ya Pantone ili ndi buku la mitundu yokhala ndi manambala, moti wosindikiza wa ku Blantyre ndi wa ku Johannesburg akapatsidwa nambala imodzi amadziwa chofunika popanda kukangana. Nambalayo imatha ndi C ngati pepala ndi losalala, kapena U ngati ndi pepala wamba limene limamwa inki. Mitundu yonyezimira ngati golide ndi siliva, inki zinayi zija sizingaitulutse n'komwe.

Sindikukana kuti puleti yachisanu komanso kutsuka makina zimakweza mtengo, ndiponso makina ang'onoang'ono ambiri olumikizidwa ku kompyuta amangoyerekezera mitunduyi. Koma mabuku a malisiti kapena mapepala a makalata a mitundu iwiri amafuna mapuleti awiri okha, osati anayi.

Chimene chinandiwawa n'chakuti palibe anatiuzapo zonsezi. Anangoona chithunzi pa foni yanga n'kunena kuti tibwere Lachisanu. Pempho langa kwa osindikiza ndi lakuti buku la mitundu lija lizikhala poonekera, kasitomala aziloza yekha mtundu umene akufuna, ndipo nambala yake izilembedwa pa lisiti asanalipire.

Ine wowerenga wanu,
Mlimi wa njuchi, Ntchisi