Asanakweze mtengo wa magemu, ayambe akonza ping

Akonzi,

Ndilankhulepo pa nkhani yoti kaya osewera magemu a pa intaneti angalole kulipira zambiri pamwezi magemuwo atakonzedwa bwino. Kuno ku Kasungu ambiri sangalole, ndipo si kuumira ayi.

Chimene chimaononga masewera si zithunzi koma ping, nthawi imene uthenga umatenga kuchoka pa foni kukafika pa seva (kompyuta yaikulu imene imayendetsa gemuyo) n'kubwerako. Pa gemu ya mpira, ikakhala pansi pa 80 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi), mpira umamvera chala. Ikadutsa 150 ms, mumadina kuti mupatsire mnzanu koma wosewera wanu amachedwa, mdani n'kulanda mpira. Seva ikakhala ku Ulaya, mugule bandulo yaikulu bwanji, mtundawo sufupika. Ya ku Johannesburg ndiyo yabwinoko.

Kusewerako sikudya data yambiri, chimamaliza bandulo ndi ma update a ma GB angapo. Nanga kalipiridwe? PlayStation Plus, umembala wolipira kuti muzisewera pa intaneti pa makina a PlayStation, imafuna khadi ya kubanki kapena vocha ya ndalama zakunja, pomwe ambiri tili ndi Airtel Money ndi Mpamba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengowo unakwera kale wokha.

Eni magemu atiikire seva pafupi ndipo azilandira makwacha pa foni.

Wokonda magemu,
Kasungu