Za siketi yanga ya ku Scotland

Aise,

Uthenga wako ndinauona Lamulungu usiku, zoti mvula yayamba kumeneko ndipo denga lako likudonthabe pompaja. Kuno mvula siyamba ayi, imangopitiriza.

Nde tamva zanga. Ukwati wa chemwali uja ndi mwezi wamawa, mlamu wathu ndi wa konkuno ku Glasgow ndipo kwawo agwirizana kuti amuna tonse operekeza tivale kilt. Ndi ine ndemwe. Eya siketi, usayambe.

Loweruka ndinapita kushopu ina mtauni. Mdala wake anandiyeza pamchombo, osati m'chiuno momwe timamangira lamba, kenako akuti ndigwade ayeze mpaka pansi chifukwa imayenera kulekezera pakati pa bondo. Ine kugwada mushopu ngati ndikupepesa kwa apongozi. Kilt yeniyeni ndi nsalu ya ubweya mayadi 8, tingoti zitenje pafupifupi zinayi, aipindapinda kumbuyoku, kulemera ngati bulangete lonyowa. Ndiye anandifunsa mfunda wanga, paja kuno mabanja ambiri ali ndi mawangamawanga awoawo otchedwa tartan. Ndinati Banda. Anatsegula buku lake, kusanthula ulemu wonse, osaupeza. Nditamuuza kuti kwathu ndi ku Blantyre anasangalala zedi, akuti Blantyre ili pompa kuseri kwa Glasgow komwe anabadwira Livingstone, ndipo tartan ya Livingstone iliponso. Ndinakana, ine si mdzukulu wake. Ndatenga Black Watch, yobiriwira mwakuda, imene aliyense amaloledwa kuvala.

Mtengo wake usandifunse. Yosoketsa amati idikire masabata angapo ndipo ndalama yake ukhoza kufolera denga lakolo lonse malata atsopano. Mwamwayi ali ndi zina zomwe ankabwereketsa pamaukwati nde amazigulitsa motsika. Kubwera ulendo wonsewu kudzagula kaunjika aise. Koma si kilt yokha, pali jekete lalifupi, masokosi ofika m'mabondo, nsapato za zingwe zokulunga mwendo, kachikwama kolendewera kutsogolo kotchedwa sporran poti siketiyi ilibe matumba, ndi kampeni kobisa musokosi. Mpeni kutchalitchi. Zoti mkati savalamo kanthu anandiuzanso akuseka, ine ndamuuza kuti ndivala makabudula awiri.

Chikundisowetsa tulo ndi zithunzi. Ukudziwa gulu la pa WhatsApp la kumudzi lija. Chithunzi chimodzi chokha chikangolowamo, amalume a ku Ntcheu atumiza voice note ya maminitsi 9, anyamata a ku Ndirande andipanga sticker, ndipo mpaka tsiku la maliro anga padzapezeka wina wonong'ona kuti malemuwa ankavala siketi ku Ulaya. Miyendo yanganso ukuidziwa, timitengo ta kanyenya. Ndayamba kudzola Vaseline m'maondo kuyambira pano. Dzulo ndimayeserera kukhala pampando, umayenera kusesa nsalu kumbuyo ndi manja ngati mmene amachitira amayi a mvano, ndinadziona pagalasi ndikungoti Ambuye. Ndipo taganiza, Kamuzu anaphunzira ku Edinburgh, ankawaona amuna maondo pamtunda tsiku ndi tsiku, kubwera kwathu nkuletsa azimayi kuonetsa maondo.

Chinanso, ntchito ya usiku ija ndasiya, ndapeza ina yamasana. Ndidzakuuza bwino.

Koma nthabwala pambali. Wodzamupereka chemwali kuguwa ndine. Visa ya amayi mpaka pano zii, ndipo bambo ukudziwa. Suti yawo yakuda ija ndinabwera nayo, ili m'sutikesi, ndimaganiza kuti tsiku ngati limeneli ndidzavala imeneyo. Nditamuuza chemwali anangokhala chete pafoni kenako akuti valani zomwe mukufuna achimwene. Yankho lotero limapweteka kuposa kukana. Nde kaya, mwina tayi yawo yokha, ngakhale mdala wa kushopu uja akuti jekete limeneli limayendera kabow tie. Sindinamufotokozere, ndikanayambira pati.

Uwauze amayi ako kuti mankhwala a miyendo aja ndagula, ndipatsira aliyense wobwera Disembala. Ndipo iwe ukangoyerekeza kuika chithunzi changa pa status, ngongole ya njinga ija ndiikumbukira ndi chiwongoladzanja chomwe. Palinso gule wawo wotchedwa ceilidh yemwe akuti tizidzazungulirazungulira, nsalu nkumauluka, zimenezo ndiye sindinayambe nkuziganizira komwe, maso akulemera, mawa ndilawirira 5 koloko