Mabuku a ana akuola m'makatoni, ife tikugulitsidwa mapamfuleti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanu chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi kuyambira tsiku lotsekera sukulu. Pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Chipata, dzina sinditchula koma makolo amene tinali pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) uja akuidziwa, a depute anaimirira n'kunena kuti aphunzitsi akonza mndandanda wa mabuku oti ana athu awerenge pa holide. Ine ndinasangalala, ndinati eya, chaka chino zinthu zayamba kuyenda. Pepala lija litandifika m'manja ndinachita kuwerenga kawiri. Pamfuleti ya masamu, pamfuleti ya sayansi, pamfuleti ya Chingerezi, mapepala a mayeso akale a Giredi 7, ndiye pansi pake alemba kuti zonse zikupezeka ku ofesi pa mtengo wa K40 imodzi. Basi, mndandanda wathera pomwepo. Ndinagulako imodzi kuti ndione, ndi fotokope yomata ndi sitepula, masamba ena zilembo zake zosaoneka chifukwa inki inali itatha mumashini. Mwana wanga ali mu Giredi 5. Mayeso a Giredi 7 akali kutali, koma akuti holide yonse akhale akuchonga A, B, C, D.

Zimenezo ndikanapirira. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi yankho limene anapatsidwa mayi wina wogulitsa tomato pa msika wa Kapata. Mayiyo anakweza dzanja mwaulemu n'kufunsa kuti nanga mabuku a nthano aja anabwera m'makatoni temu yatha, amene ana anaitanidwa kuti aimbe nyimbo powalandira, ali kuti? A depute osaganiza n'komwe, akuti, "Aja sitingapereke, ana amang'amba."

Ana amang'amba! A Mkonzi, munthu wophunzira, wolandira malipiro chifukwa cha ana omwewo, kuima pamaso pa makolo n'kunena mawu amenewa popanda manyazi. Nanga mabukuwo analembera ndani? Analembera makabati? Analembera chiswe? Ine makatoniwo ndinawaona ndi maso anga pamene ndimakasayina lipoti la mwana, ali pakona kuseri kwa chitseko, lapansi lanyowa mpaka lafufuma, pamwamba pake aikapo ketulo ndi mbale za tiyi. Tepi yomwe anamata nayo kumene anachokera ikadali pomwepo. Buku loyera losapindika kona lili ngati khasu lopanda dothi, aliyense akaliona amadziwa kuti mwini wake salima. Ngati ana amang'amba, mateni ndi selotepi. Selotepi ndi ndalama zingati? Madesiki ana amathyola, kodi munawatsekera m'sitolo kuti ana azikhala pansi? Mpira umaphulika, bwanji simunaleke masewero? Choko chimatha tsiku lililonse koma simunasiye kulemba pa bolodi. Koma buku lokha ndiye lisakhudzidwe, lidikire mlendo wolemekezeka adzabwere, mulitulutse, ana alinyamule m'mwamba, mujambule zithunzi za pa Facebook, mlendo akangokwera galimoto buku libwerere m'katoni.

Ndipo anthu omwewa ndi amene amatiitana makolo n'kumatidzudzula kuti ana anu sadziwa kuwerenga, kunyumba simuwathandiza. Adzadziwa bwanji? Mwana saphunzira kuwerenga ndi mafunso a mayeso. Amaphunzira chifukwa akufuna kudziwa kuti kalulu uja athawa bwanji m'dzenje, ndiye amalimbana ndi mawu ovutawo yekha mpaka afike tsamba lomaliza, mawa lake afunanso lina. Pamfuleti palibe mwana amene anaimalizapo n'kunena kuti amama ndigulireni inanso.

Ndikupempha akulu oyang'anira maphunziro, a DEBS a boma la Chipata ndi a PEO a chigawo chino cha Kum'mawa, akamayendera masukulu asamangoona marejisita ndi zimbudzi. Afunse kuti mabuku owerenga ali kuti, awatsegule aone ngati muli zala za ana. Unduna wa Maphunziro unachita chinthu chachikulu mu 2022 pochotsa mafizi kuyambira ana a nasale mpaka Giredi 12, chaka chomwecho unalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000, ana amene anali atasiya sukulu anabwerera. Sindikhulupirira kuti boma linachita zonsezi kuti mwana akafike m'kalasi n'kupeza buku lokhomedwa ndi loko, kholo n'kumalipiranso K40 kukhomo lakuseri. A Nduna amve zimenezi. Ndipo tili ndi Zambia Library Service, tili ndi Curriculum Development Centre, tili ndi ZEPH, kampani ya boma yosindikiza mabuku, imene kale inkatchedwa Kenneth Kaunda Foundation, anthu odziwa mabuku alipo m'dziko muno, mndandanda weniweni wa mabuku oyenera msinkhu uliwonse sungakanike.

Poti a depute aja analephera, ine ndinene mabuku amene ndikuwadziwa, makolo anzanga amve. Kwa anyamata ndi atsikana oyambira zaka 12 kupita m'mwamba, funani The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba imene analemba pamodzi ndi Bryan Mealer, inatuluka mu 2009 ndipo iliponso ina yofewetsedwa ya ana. Uyu si mzungu wa ku London, ndi Mchewa mnzathu wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, kungodumpha malire kuchokera ku Lundazi. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, ndiye ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale kwawoko, n'kubwereka buku lotchedwa Using Energy, Chingerezi chake osachimva bwino koma kumangotsatira zithunzi, mpaka anamanga makina amphepo opanga magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga, fani ya thirakitala ndi milimo ya bulugamu, ali ndi zaka 14 zokha. Tsono taganizani, woyang'anira laibulale ija akananena kuti ana amang'amba. Mwana wa kuno akawerenga bukuli akumana ndi nsima, gaga, dowe, fodya, zinthu za pakhomo pake penipeni, ndipo ndaona ndekha mnyamata wa mlongo wanga amene buku ankalithawa atakhala nalo pakhonde mpaka mdima.

Kwa atsikana makamaka, pali mlembi wathu wa ku Zambia konkuno, Ellen Banda-Aaku. Buku lake la ana Wandi's Little Voice linapata mphoto ya Macmillan Writer's Prize for Africa mu 2004, ndipo Patchwork, limene ndi la okulirapo a ku sekondale, linapata Penguin Prize for African Writing mu 2010. Funsani ana a Giredi 12 kuno ngati dzinali analimvapo. Mayiko ena akumupatsa mphoto, ife kwathu mwana sadziwa kuti Mzambia amalembanso mabuku.

Za chilankhulo chathu ndiye zimandiwawa kwambiri. Ife tinakula ndi Nthondo la Samuel Ntara, Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, madzulo n'kuzungulira wailesi kumvera a Julius Chongo pa Poceza m'Madzulo. Ndi akale inde, koma mwana wa lero sanawaonepo, asindikizeninso. Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma linavomereza m'masukulu, koma yendani m'mashopu a m'tauni muno mufunse kabuku ka nthano ka Chinyanja ka mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, akuonetsani makope, mabolopeni, masitikala a zidole ndi buku la silabasi, kwatha. Kwa ang'onoang'onowa thandizo lilipo pa intaneti ndipo ndi laulere. African Storybook ili ndi tinkhani tazithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chinyanja chomwe, ndipo eni ake amalola kuti munthu akopere n'kusindikiza popanda kulipira. Ndiye funso langa ndi ili, mashini omwe aja akutulutsa mapamfuleti a K40, alephera bwanji kutulutsa tinkhani timeneti? Kapena vuto ndi loti nthano yaulere ilibe phindu m'thumba la munthu?

Komanso tisamangoloza aphunzitsi, tauni yathu yonse yalowa pena. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, tinavina, lero nyumba zosanja zikumera, malo omwera mowa ndi mashopu a beting'i ali pakona iliyonse mpaka m'makomboni, mnyamata wa Giredi 9 akudziwa mayina a osewera onse a ku England ndi ma odi awo koma sangakuuzeni buku limodzi lomwe anamaliza. Kholo likugula bando ya foni sabata iliyonse, mwana wa zaka zitatu akalira timupatsa foni kuti atonthole, pa tsiku lobadwa tigula keke ndi nsapato zowala, buku ayi, ati lodula. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, TV zii, mafoni akufa, ana ali ndwii pakhonde kusowa chochita, imene ija inali nthawi yoti nyumba iliyonse ikhale ndi buku, koma munalibe. Mafumu athu akulu, Kalonga Gawa Undi ndi Inkosi ya Makhosi Mpezeni, akhala akulankhula mwamphamvu kuti ana akhale pasukulu asakwatiwe ali aang'ono, ndipo ndikuwapempha mwaulemu kuti pa Kulamba ku Mkaika ndi pa Nc'wala ku Mtenguleni, pamene makampani amabwera ndi matenti ndi zikwangwani zawo, pakhaleko tenti imodzi ya mabuku a ana. Mbiri ya Undi, ulendo wa Angoni kuwoloka Zambezi mu 1835 dzuwa litadetsedwa, zimenezi ndi nkhani zoti mwana angawerenge osaphethira, koma ndani wazilemba m'mawu oti mwana wa Giredi 4 amve?

Kalata yatalika, ndinene msanga zoti zichitike. Makatoni aja atsegulidwe temu ikangoyamba, kalasi iliyonse ipatsidwe bokosi lake, mwana mmodzi wodalirika asunge kope lolemba amene wabwereka, Lachisanu atenge Lolemba abweze, likang'ambika limatidwe, likasowa kholo tikambirane. Makhansala ndi aphungu athu, ndalama za CDF, za chitukuko cha m'dera la phungu aliyense, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, madesiki mwagula tathokoza, tsopano patulaniko kangachepe ka mabuku a nthano. A Breeze FM ndi a Radio Maria, tipatseni mphindi khumi ndi zisanu pa sabata zoti munthu azitiuza buku latsopano la ana, la msinkhu wanji, likupezeka kuti ndipo ndi ndalama zingati. Inunso a Mkonzi, kakona kamodzi m'nyuzipepala yanu sikangakusaukitseni. Ndipo kugulitsa mapamfuleti pa msonkhano wa makolo kuletsedwe, a DEBS alembe kalata ipite m'masukulu onse temu isanayambe.

Kholo lokhudzidwa,
Kapata, Chipata