Pogula mpeni wopinda, tiyambe taona loko ndi chigwiriro

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene timayenda ndi mpeni wopinda m'thumba tsiku ndi tsiku, kaya ndife alimi, amisiri kapena ogulitsa nsomba. Ambiri tikamagula mpeni timangoyesa kuthwa kwake pachikhadabo, chikhalirecho kuthwa kumabwera ndi mwala wonolera, pamene loko (kachitsulo kogwira mpeni kuti usapindike ukatsegulidwa) wofooka ndi chigwiriro choterera sitingathe kuzikonza tikafika kunyumba. Ine ndinaziona ndekha tsiku limene mpeni wonyezimira womwe ndinagula pamsika unandipindikira pachala chamkombaphala ndikuboola paipi yothirira kudimba, ndipo chipsera chake ndili nacho mpaka lero.

Mipeni ina ilibe loko n'komwe. Yambiri mwa mipeni yofiira ya Victorinox, kampani imene Karl Elsener anayambitsa ku Ibach m'dziko la Switzerland mu 1884, imagwidwa ndi kachitsulo kamphamvu ka kumsana komwe kamangoukankha mpeniwo kuti ukhale wotsegula. Posenda mango kapena podula ulusi palibe vuto, chifukwa mphamvu ya dzanja imaukankhira mpeni kotsegukira, koma mukangoyamba kuboola ndi nsonga, umatha kupindikira pazala.

Okapi, umene akuluakulu athu amaudziwa bwino, unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo kuyambira mu 1988 umapangidwa ku South Africa. Mtundu wake wodziwika uli ndi kamphete kumsana: mukamautsegula mumamva kulira kwa timano, ndipo sungatsekeke pokhapokha mutakoka kampheteko kuti kachitsulo kogwira kanyamuke. Loko ameneyu ndimamukhulupirira chifukwa zonse zili poyera, moti dothi likalowa mumaliona ndi kulichotsa ndi kamtengo. Chovuta chake n'chakuti potseka pamafunika manja awiri ndi maso, ndiponso kampheteko kamakola nsalu ya thumba.

Opinel wa ku Savoie m'dziko la France, amene Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890, ndi wapamtima panga pa ntchito yomezanitsa mitengo ya zipatso. Loko wake, amene Marcel Opinel anaonjezera mu 1955, ndi mkombero wachitsulo wa pakhosi pa chigwiriro umene mumangoupotokola ndi chala chachikulu. Chigwiriro chake ndi chamtengo, chobulungira ndi chodzaza m'manja, kotero mutha kusema kwa ola lathunthu osatuluka matuza. Komabe mtengo umamwa madzi. Nthawi ya dzinja, kapena mukatumbulira nsomba n'kuutsuka, chigwiriro chimafufuma ndipo mpeni umakanirira mkati, mpaka mumachita kugogoda kumapeto kwake pathabwa kuti nsonga ituluke. Kwa msodzi, chigwiriro cha pulasitiki yolimba yokhala ndi timizere n'chabwino koposa, pakuti mtengo wosalala ndi chitsulo chopukutidwa zimaterera zikakumana ndi mamba ndi mafuta a nsomba.

Loko wa kumsana, amene anatchuka ndi Buck 110 wa ku America mu 1964, amakowa mpeni ngati mbedza ndipo amamasuka mukadina kumapeto kwa chigwiriro. Ndi wolimba ndithu ndipo sasankha dzanja, wamanzere ndi wamanja amamugwiritsa ntchito mofanana, kungoti mpeniwo, ndi mkuwa wake uja, umalemera pafupifupi magalamu 200 ndipo malo ake ndi palamba.

Umene ndikufuna kuchenjeza nawo kwambiri ndi mtundu womwe wadzaza m'misika masiku ano, wokhala ndi kachitsulo kopyapyala m'kati mwa chigwiriro komwe kamalumphira kuseri kwa mpeni ukatseguka. Ukapangidwa mwaluso, monga mmisiri wa mipeni Michael Walker anaukonzera cha mu 1980, ndi wabwino ndipo umatsekeka ndi dzanja limodzi. Koma pa mipeni yotchipa kachitsuloko kamangogwira m'mphepete, ndipo mukapotoza dzanja pang'ono kamatsetsereka. Wanga uja unali wotero. Ndiponso potseka chala chachikulu chimayamba chadutsa m'njira ya mpeni, ndipo wamanzere amavutika nawo.

Abale athu amene ali ku Britain adziwe kuti kumeneko loko ndi nkhani ya malamulo: lamulo la mu 1988 limalola kuyenda ndi mpeni wopinda wopanda loko wosapitirira mainchesi 3, koma wokhala ndi loko umafuna chifukwa chomveka.

Pempho langa kwa ogulitsa n'lakuti azitilola kuutsegula mpeni tisanalipire. Wogula augwedeze uku ndi uku kuti amve ngati ukugwedera, kenaka akankhe kumsana kwake ndi chikhatho, zala zili kutali ndi kothwa. Ukangopindika ngakhale pang'ono, aubweze pathebulo ndi kupempha wina.

Ine wowerenga wanu,
Mlimi wa zipatso, Ntcheu