Kalata kwa makolo pakutha kwa teremu

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Landirani moni kuchokera kwa aphunzitsi ndi onse ogwira ntchito pasukulu pano. Teremu yatha, ndipo tikuthokoza nonse amene mwayenda nafe. Koma pali nkhani imene yativuta, ndipo ndaona kuti ndi bwino muimve kwa ine kusiyana n'kuimva m'mphekesera.

Chapakati pa teremu, kholo lina linalowa m'kalasi phunziro lili m'kati, osadzera ku ofesi, osagogoda n'komwe, n'kuyamba kulalatira mphunzitsi pamaso pa ana. Mlandu wake unali woti kope la mwana lili ndi manotsi ochepa, ndiye kuti mphunzitsiyo ndi waulesi. Mphunzitsi anangoti kakasi, choko chili m'manja, mpaka khololo litatuluka. Mawa lake ana ena ankayerekeza mawu a kholo lija pabwalo, anzawo akufa nacho chikhakhali. Tinakhala pansi ndipo khololo linapepesa, n'chifukwa chake sinditchula dzina. Komabe kupepesa kunachitikira mu ofesi, pamene kunyozako kunachitikira pamaso pa kalasi yonse, ndipo mphunzitsiyo wavutika milungu ingapo kuti ana ayambenso kumumvera.

Za makopezo, ndiloleni ndifotokoze, chifukwa ndikudziwa kuti enanso mukudabwa koma simunalankhule. Tinagwirizana monga aphunzitsi kuti tichepetse zokopera pa bolodi. Mwana atha kudzaza kope lonse ndi zilembo zokongola, koma mukamufunsa zimene walembazo amangoyang'ana kudenga. Kale mu 1885, katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kuti munthu amaiwala msanga zimene wangophunzira kumene, makamaka m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kuti kubwereza pakapita nthawi kumathandiza kuti zikhazikike. Ndiye masiku ano phunziro limayamba ndi mafunso afupiafupi a zadzulo ndi za sabata yatha, makope ali otseka. Kenako ana amakhala m'magulu n'kumafotokozerana, mphunzitsi akuyendera gulu lililonse kumva pamene apunthwa. Zimenezi zimatopetsa mphunzitsi kuposa kulemba pa bolodi n'kukhala pampando, koma m'kope zimasiya zochepa. Mukafuna kudziwa ngati mwana wanu akuphunzira, tsekani kopelo, mumuuze akufotokozereni ndi mawu ake. Akalephera, bwerani tikambirane, ndipo ine ndemwe ndikakhala m'kalasimo kuonerera phunziro, monga ndimachitira kale ndi aphunzitsi onse.

China ndi mafoni ausiku. Magulu a WhatsApp tinawatsegula kuti tizilengezerapo zinthu, koma asanduka bwalo la milandu. Mphunzitsi waweruka, wachonga mulu wa makope, wakonzekera phunziro la mawa, akuti agone, foni n'kulira: "Bwanji mwana wanga mwamulakwitsa funso lachitatu?" Nawonso aphunzitsiwa ali ndi mabanja, ena ali ndi ana oyamwa, ena akusamalira odwala. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti kutoperatu chifukwa cha kupanikizika pantchito ndi vuto lenileni, ndipo lipoti la 2024 la bungwe loona zamaphunziro padziko lonse la UNESCO linati dziko lapansi likufunika aphunzitsi ena 44 miliyoni pofika 2030, chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti ambiri akuisiya ntchitoyi. Ine sindikufuna kutaya mphunzitsi wabwino chifukwa cha zinthu zoti tikanatha kuzipewa.

Choncho kuyambira teremu ikubwerayi, dandaulo lililonse lizidzera ku ofesi yanga. Palibe kholo lololedwa kulowa m'kalasi popanda chilolezo, ndipo aphunzitsi ndawauza kuti asamayankhe mauthenga akaweruka, pokhapokha ngati ndi zadzidzidzi zokhudza moyo wa mwana. Sikuti tikukutsekerani khomo ayi. Mphunzitsi akalakwa timamudzudzula, ndipo nthawi zina zimene mumatiuza n'zimene zimatitsegula maso. Tikungopempha kuti tithandizane, mwana asamaone akuluakulu ake akukokanakokana.

Ponena za kupuma, ana enanso akumabwera m'mawa akusinza. Akatswiri a zatulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Chonde foni ndi TV zizizimitsidwa nthawi yabwino.

Zabwino nazo zilipo. Kuwerenga m'makalasi aang'ono kwapita patsogolo, kujomba kwachepa, magulu a mpira ndi kwaya atiimirira bwino, ndipo komiti ya makolo ndi aphunzitsi yathandiza kukonza madesiki othyoka. Onse amene munagwirapo ntchito, zikomo kwambiri.

Amene simunamalize kulipira fizi, chonde teroni tisanatsegulire. Ngati zavuta, bwerani tigwirizane za kalipiridwe m'malo mongokhala chete. Malipoti a mayeso mwana aliyense wapatsidwa, muwasainire ndipo abwere nawo. Tsiku lotsegulira komanso la msonkhano wa makolo talemba kumapeto kwa lipotilo, ndipo pamsonkhanowo tikufuna makolo enieni, osati kutuma mkulu wake wa mwana.

Ndikufunirani tchuthi chabwino.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu